Mfuti ya Dzanja Lamanja

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene adadi anandigulira mfuti, ndipo mpaka lero ndikaikumbukira mfutiyo magazi amandiwira. Anthu ndikawauza amaseka, ati mwana wamkazi kuguliridwa mfuti ndi bambo ake, ukudandaulanso chiyani? Asa! Dikirani kaye mumve mmene zinayendera.

Tinali tisanakhalitse mumzinda wa Perth, kutsidya kwa nyanja, kuchokera ku Lilongwe. Amami anali namwino pachipatala chachikulu ku Nedlands, adadi akunyamula mabokosi a masamba ndi zipatso kumsika wa ku Canning Vale, kufupi ndi komwe tinkakhala. Kumsikako anadziwana ndi mlimi wina amene nkhunda zinkamuthera tirigu m'mashedi, ndipo mlimiyo anawauza kuti akapeza laisensi azibwera kudzaziwombera. Adadi mtima unalumpha. Anakulira ku Kasungu akusaka nkhwali ndi nkhanga ndi gogodela ya amalume awo, ndipo nkhani za nkhwalizo tinkazimva mpaka makutu kutopa. Koma kuno mfuti sungangoitola. Kuti apeze laisensi, analowa kalabu ina kunja kwa tauni, komwe anthu amawombera timbale tadothi toponyedwa m'mwamba ndi makina.

Loweruka lina amami ali pashifiti, adadi ananditenga kukalabuko poti panalibe wondisiyira. Kunali kamphepo kozizira, fungo la wonga lili ponseponse, pansi pali mbwee tizidutswa ta timbale tosweka. Adadi atapita kukawombera ndi anzawo, mayi wina wamtali wotuwa tsitsi, a Jenny, amene ankaphunzitsa ana, anandifunsa ngati ndikufuna kuyesako. Anandiveka zotseka m'makutu ndi magalasi, n'kundipatsa mfuti yakale ya kalabu. Ine osaganiza n'komwe, ndinaitsamiritsa paphewa lamanzere. Kambale kanatuluka, ndinakatsatira, phu! Kanangoti phwaa, fumbi lokhalokha. Kachiwiri chimodzimodzi. Ndinasangalala koopsa, chifukwa chiyambire panalibe chinthu chimene chinandiyenderapo mosavuta chonchi.

Muyenera kudziwa kuti ine ndinabadwa wamanzere, ndipo kwathu zimenezo zinali ngati matenda. Lamanzere ndi dzanja lakuchimbudzi, sudyera, sulandirira kanthu, supatsira moni. Ndili wamng'ono adadi ankandimenya kachikhatho ndikatenga supuni ndi dzanja limeneli, nthawi zina kulimanga ndi chitenje kumbuyo mpaka nditamaliza kudya. Kusukulu aphunzitsi anamalizitsa ntchitoyo ndi rula. Pofika sitandade 3 ndinali ndikulemba ndi lamanja, zilembo zokhotakhota, ndipo adadi ankauza alendo monyadira kuti mwana uyu anali wamanzere koma tinamukonza. Tinamukonza! Ngati njinga.

A Jenny anandiuza kuti ndipange kabowo ndi zikhatho, ndiyang'ane mtengo wina patali kudzera pakabowopo, kenako ndibweretse manja kumaso pang'onopang'ono. Manja anabwera okha padiso lamanzere. Anati munthu aliyense ali ndi diso limodzi lotsogolera, ndipo mfuti imayenera kukhala kumbali ya disolo, apo ayi umawombera pambali. Adadi atabwera, a Jenny anawauza kuti mwana wawo ali ndi luso, ndipo kumapeto kwa nyengo yozizira kukhala mpikisano wosankha ana olowa timu ya kalabu, yokapikisana ndi makalabu ena. Chofunika chinali mfuti yondikwana, poti ya kalabu ija ana ankalandirana. Za diso sanatchule, ankayesa kuti bambo amadziwa mwana wake. Adadi anatupa ndi kunyada. M'galimoto analengeza kuti agula mfuti m'dzina lawo, yoti ine ndiziwombera timbale, iwo n'kumaitengako kukawombera nkhunda kwa mlimi uja.

Timu imeneyo ndinaifuna, inu. Kusukulu ndinali mtsikana wolankhula Chingerezi chachilendo, wodya yekha pabuleki. Uku kunali koyamba kuti munthu anene kuti ndikufunika penapake. Masabata otsatira ndinkawombera ndi mfuti ya kalabu, adadi ali kwa anzawo akuluakulu, osaona kuti ndikuigwira ndi dzanja liti.

Tsiku losankha mfuti linafika. M'sitolomo munkanunkhira mafuta ndi chikopa, mfuti zili ndandanda kukhoma. Adadi anayamba kukhumbira ija ya mipope iwiri yogundana m'mbali, ati ndi imene azungu a m'maesiteti a fodya ankanyamula. Wogulitsa, bambo wandevu wofatsa, anati pa timbale yabwino ndi ya mipope yosanjikizana, wina pamwamba wina pansi, chifukwa diso limayenda pamzere umodzi, ndipo pambalame imagwiranso ntchito bwinobwino. Adadi anavomera. Anavomeranso kuti ikhale yopepukirapo, komanso yosatalika kwambiri kuti mkono wanga ufike. Zonse zinkayenda bwino mpaka wogulitsayo anatsegula mfuti imodzi poithyola pakati, kutionetsa kuti ndi yopanda chipolopolo, n'kundipatsa kuti ndiiyike paphewa. Ndinaiyika kumanzere.

"Aa, ndi wamanzere," anatero wogulitsayo m'Chingerezi. "Dikirani, ndili nayo ina kuseri."

Anafotokoza kuti thabwa lakumbuyo kwa mfuti, lija limatsamira paphewa ndi patsaya, silikhala lowongoka. Amalipinda pang'ono kuti ukaika tsaya, diso ligwere ndendende pamwamba pa mpope. La munthu wakumanja amalipindira uku, la wamanzere uko. Anabweretsa yamanzereyo, ndipo nditaikweza inangokhala ngati yamera paphewa panga. Ndinatembenuka kuti ndimwetulire adadi, koma nkhope yawo inali itasintha kale.

"Mwana wanga si wamanzere," anamuuza wogulitsayo. Kenako kwa ine, m'Chichewa, motsitsa mawu: "Iwe Tiya, wayambiranso? Sintha dzanja."

"Adadi, a Jenny anati diso langa..."

"Ndati sintha dzanja. Ndipo umuuze wekha bamboyu kuti umalemba ndi dzanja liti."

Ndinamuuza. Ndi pakamwa pangapa ndinanena kuti ndimalemba ndi lamanja, misozi ili lengelenge. Wogulitsayo anayesa kunena kuti kulemba ndi nkhani ina, kuwombera ndi nkhani ina, ndipo ngati vuto ndi lakuti adadi azigwiritsanso ntchito mfutiyo, pali zina za thabwa lowongoka zoti tonse n'kumabwerekana. Adadi anakana ngakhale zimenezo. Anati akufuna yakumanja yeniyeni, kuti mwanayu asapeze podzera. Mwamva? Sikuti sanamvetse ayi. Anamvetsa bwinobwino, n'kusankha dala mfuti yoti inditsekere njira.

Mapepala atatuluka mfuti inabwera, yokongola, thabwa lake lowala ngati lopakidwa uchi. Anzawo a kutchalitchi ankabwera kudzaiona m'galaja, adadi n'kumati iyi ndi ya Tiyamike. Koma kukalabu zinthu zinasokonekera. Tsopano adadi ankaima kumbuyo kwanga, manja atapinda, kuonetsetsa kuti mfuti ili kumanja. Ndikati phu, kambale kankangopitirira ulendo wake kukagwera m'tchire kathunthu. Phu, kathunthu. Ine ndinkaona kuti ndalunjika, koma diso lamanzere linkandinamiza, zipolopolo n'kumadutsa pambali. A Jenny anandimata kapepala pagalasi lamanzere kuti disolo lisamalowerere. Zinathandizako pang'ono, koma mutu unkandiwawa, ndipo thupi lonse linkachedwa, ngati munthu wovala nsapato mosemphanitsa. Ana amene ndinkawaposa kale anayamba kundimvera chisoni, ndipo palibe chinthu chopweteka ngati chimenecho.

A Jenny anawakokera adadi pambali n'kuwapempha kuti akasinthitse thabwalo nthawi ikadalipo. Adadi anamwetulira kumwetulira kuja kwa ulemu kumene Amalawi timapatsa mzungu tikamamukanira mumtima. Titalowa m'galimoto anaphulika, ati mayi ameneyu andiphunzitsa ine kulera mwana wanga? Anati vuto langa ndi ulesi ndi makani, ndikuphonya dala kuti ndiwakakamize.

Ndinapita kwa amami, ndipo apa ndiye pamandipwetekabe kwambiri. Amami anali namwino. Ankadziwa bwino lomwe kuti kukhala wamanzere si matenda, madokotala ena amene ankagwira nawo ntchito ankasoka mabala ndi dzanja lamanzere iwo akuona. Ndinawapeza atakhala pampando, mapazi ali m'beseni la madzi otentha. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kupumira m'mwamba.

"Ingowamvera adadi ako, mwana wanga. Ukudziwa mmene alili. Kuno zinthu zambiri zawachoka m'manja, usawalandenso ichi."

Ndiye kuti ine ndinali chinthu chotsala m'manja mwawo. Ndinatuluka, ndipo chitseko ndinachimenyetsa ndi dzanja lomwelo lamanzere.

Tsiku la mpikisano kunacha bwino, kopanda mphepo. Makolo anadzaza kuseri kwa mpanda ndi makapu a khofi, adadi atavala jekete yawo yakutchalitchi. Chigawo choyamba ndinawombera monga anafunira. Ndinaphonya, ndinaphonyanso, mpaka wolemba zigoli analeka kundiyang'ana kumaso. Ndinamva mnyamata wina akunong'oneza mnzake kuti uyu ankatha kale, chamuchitikira n'chiyani? Pamenepo china chake chinaduka mkati mwanga. Ndinachotsa kapepala kaja pagalasi, n'kuika mfuti paphewa lamanzere, adadi akuona, anthu onse akuona.

Mfuti yakumanja ukaiyika kumanzere imaluma. Thabwa lake linkandikankha patsaya nthawi iliyonse ndikawombera, ndipo kuti diso lifike pampope ndinkachita kupinda khosi ngati nkhuku yodwala. Koma timbale tinayamba kusweka. Phwaa! Phwaa! M'kamwa ndinamva kukoma kwa magazi, tsaya likutupa, ine osaleka. Ndinkawombera ndi mkwiyo, ndipo kambale kalikonse ndinkakatchula dzina mumtima, aka ndi chitenje chija, aka ndi rula ija. A Jenny anaomba m'manja. Koma zimene ndinataya pachiyambi zinali zambiri. Atawerenga mayina a olowa timu, langa munalibe. Malo omaliza anatenga mnyamata uja ankanong'ona.

Tinakwera galimoto kubwerera kunyumba. Ndinkaganiza kuti mwina aona okha, mwina afunsa za tsaya langa. Titaima pamaloboti ena kufupi ndi kunyumba ndi pamene analankhula, osandiyang'ana.

"Pamaso pa anthu, Tiya? Wandivula pamaso pa anthu."

"Koma ndimaswa, adadi. Munaona kuti ndimaswa!"

"Kukalabu kuja sudzapondakonso."

Ndipo sindinapondekonso. Mwana sangapite yekha kowombera popanda wamkulu wa laisensi, ndiye nkhani inathera pomwepo. A Jenny anaimba foni kangapo, adadi osayankha. Mfuti ija, ya Tiyamike ija, inkapita kwa mlimi uja kukapha nkhunda, ine n'kumazisosola kukhitchini. Zaka zoti ndikanakhala mu timu ya ana zinadutsa ndili m'nyumba.

Nditakula n'kuyamba ntchito ndinatenga laisensi yanga, ndinagula mfuti yamanzere, ndipo Loweruka lililonse ndimakawombera. Ndimatha ndithu, koma zaka zija zimene thupi limaphunzira msanga zinapita. Kumene ndikanafika sindidzakudziwa, ndipo kusadziwako ndi kumene kumandidya.

Chaka chatha adadi anandiitana ku Canning Vale. Maso ayamba kuwavuta, malamulo a mfuti nawonso akhwima, ndiye anaganiza zobweza laisensi. Ananditengera m'galaja, n'kutsegula kabati yachitsulo. Mfuti inali momwemo, yopakidwa mafuta, yowala ngati yagulidwa dzulo. Anaithyola, n'kuitambasulira kwa ine ndi manja awiri, mwaulemu, mmene munthu amaperekera mphatso kwa mlendo.

"Tenga mfuti yako, mwana wanga. Ndakusungira zaka zonsezi. Tikailembetse m'dzina lako."

Sindinatambasule dzanja lililonse. "Si yanga, adadi. Imeneyo munagulira mwana wina, wakumanja. Koma mwana ameneyo simunabereke. Munabereka ine."

Anaima chiimire, mfuti ili m'manja. Kenako anati, "Tinkangofuna kuti anthu asamakuseke."

"Anandiseka ndani kuno, adadi? Munaonapo mmodzi?"

Anayang'ana mfuti ija. Anaibweza m'kabati pang'onopang'ono n'kukhoma.

Tsopano ndikumvetsa kuti m'sitolo muja adadi sankasankha mfuti. Kuvomera yamanzere kukanakhala kuvomera kuti makofi onse amene anamenya mwana wawo anali achabe, ndipo zimenezo zinali zolemera kwambiri kuti azisenze pamaso pa wogulitsa wachizungu. Anaona kuti n'kwapafupi kuti ndiluze ine. Ndikudziwanso kuti amandikonda, ndipo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti akundichitira zabwino. Kumvetsa ndamvetsa, koma musandiuze kuti ndikhululuke chifukwa akalamba. Ine ndinali mwana, ndipo ndinali ndi chinthu chimodzi chokha chimene ndinkatha. Mfutiyo anakaigulitsa kwa munthu wachilendo, ndipo ndikhulupirira kuti ikumukwana.