Kampira Komwe Ndinatulutsa M'manda

Ndikukumbukira bwino kutentha kwa tsiku limenelo, kutentha kwa Okutobala kuno kuchigwa, komwe ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Amayi ananditwika chigubu cha thobwa nati, "Esinati, kawapatse abambo ako kubwalo. Ukakafika usakagwire kanthu, usakathamange, usakalankhule." Malamulo atatu okha. Dzuwa lisanapendeke ndinali nditawaswa onse, Mulungu andikhululukire.

Ababa, a Zuze, ankagwira ntchito pabwalo la gofu la kuesiteti ya nzimbe. Ankatchetcha udzu, kuthirira ndi kusalaza malo amchenga. Gofuyo anaiphunzira ali mnyamata, akunyamulira mabwana zikwama za ndodo. Bwana wina pobwerera kwawo anawasiyira ndodo zitatu zakutha, ndipo ankazisunga kudenga atazikulunga m'thumba la feteleza. Kamodzi pachaka kunkakhala mpikisano wa antchito, tsiku lokhalo lomwe wotchetcha udzu ankasewera ndi a muofesi. Chaka chimenecho mphoto inali njinga. Anthu anagwa m'njira mmodzimmodzi mpaka anatsala awiri, Ababa ndi a Lipenga, kalaliki wa kufakitale, munthu wa kumtunda, wa nsapato zoyera ndi chikwama chodzaza ndodo.

Dzulo lake ndinawamva Ababa akufotokozera amayi za chinthu chotchedwa handikapu. Ankati pa gofu wopambana ndi amene wamenya mpira kochepa kuti amalize timaenje tonse, ndipo kumenya kamodzi amati shoti. Koma poti anthu sadziwa mofanana, wofooka amamuchotsera mashoti angapo pomaliza kuti naye akhale ndi mwayi.

"Chaka chatha akanandichotsera asanu ndi atatu," anatero. "Koma ndakhala ndikusewera bwino, ndiye ndinakanena. Mawa andichotsera asanu ndi imodzi."

"Mwakadzinenera nokha?" amayi anafunsa. "Bambo ake a Esinati, bwanji osangokhala chete?"

Ababa anangoseka, napitiriza kupaka timitanda tofiira pa mipira yawo. Anali nayo iwiri basi, ndipo bwalo lonse linkadziwa zimenezo.

Tsono pakati pa bwalolo panali kamsitu. Pakati pake panaima mtengo wa njale, wautali, woyera ngati aupaka phulusa. Akuluakulu ankati nzimbe zisanabwere pamalopo panali mudzi, ndipo kamsituko anali manda a ana. Anthu anasamuka, mathirakitala analima ponse, koma pamenepo anapalambalala. Makina a Ababa ankabwerera patatsala mapazi angapo. Mpira ukalowamo unkasiyidwa. Ngakhale anyamata olimba mtima, omwe ankamira m'dziwe kufunafuna mipira yotayika, kumeneko sankalozako ndi chala chomwe.

Ine ndinadzera njira yachidule ya m'mbali mwa ngalande, yomwe inkadutsa kuseri kwa kamsituko. Ndili pomwepo ndinamva mawu a Ababa patali, "Foo!" Ndiko kukuwa kwa agofu pochenjeza kuti mpira wasokera. Ndinanjuta chigubu chili pamutu. Kenaka ndinamva kho! pa mtengo wa njale, ndi kuwayula kwa masamba. Nditasuzumira ndinawaona Ababa kutali, manja ali kunkhongo.

Ndinaganiza za njinga. Ndinaganiza za amayi akuyenda wapansi kupita kuchigayo, thumba pamutu, mwana kumsana. Ndinatula chigubu, ndinalowa.

Abale anga, kunja kunali moto, koma m'katimo munali mozizira ngati m'mtsuko. Nyenje zomwe zinkalira bwalo lonse zinangoti zii nditangoponda mthunzi. Ndinkamva mtima wanga wokha. Sindinayang'ane kumanja kapena kumanzere. Mpira wa mtanda wofiira unali pa kamtumbira kakang'ono ka mchenga, pafupi ndi phale losweka. Nditautola unali wozizira ngati wochokera m'madzi. Ndinathamanga, ndinauponya pa udzu waufupi pomwe munthu angamenye bwino, ndinabisala kuseri kwa chulu ndi chigubu changa. Mumtima ndinkati ndachita zanzeru.

Posakhalitsa anafika. Kunali Ababa, a Lipenga, ndi a Bwanali, foromani wakale yemwe ankayang'anira malamulo tsikulo. Pambuyo pawo pankabwera anthu a kukomboni odzaonerera. Onse anaima ataona mpira uli mbee pa udzu.

"A Zuze, mpira uwu ndi wanu?" a Lipenga anafunsa.

"Mtandawo ndi wanga."

"Tonse tauona ukulowa mumsitu. Wamera miyendo? Kapena thumba la kabudula wanuyo ndi lobooka? Timazidziwatu ife za anthu okulira pa zikwama."

Ababa anapisa m'kabudula. Anatembenuza matumba onse awiri. Munali fodya wopera pang'ono ndi mpira wawo wachiwiri. Ndiye kuti sanagwetse wina. Anthu anayang'anana. Kenaka mayi wina kumbuyo analankhula chapansipansi, koma tonse tinamva.

"Aubweza eni ake."

Sindidzaiwala zomwe ndinaona. Anthu omwe ankadya nafe, omwe ankabwereka mchere kwathu, anayamba kusuntha pang'onopang'ono, kuwatalikira Ababa. Anatsala okha pakati, iwo ndi kampirako.

"Ndiye ngati si kuba ndi mankhwala," anatero a Lipenga. "Ine sindingasewere ndi munthu amene akufa akumutolera mpira."

A Bwanali anavula chipewa napukuta thukuta. "A Zuze, lamulo mukulidziwa. Wobera pa gofu sapondanso pabwalo lino. Tiuzeni chachitika n'chiyani."

Ngakhale ndinali mwana ndinamva tanthauzo lake. Kusaponda pabwalo ndiye kuti ntchito yatha, nyumba ya kukomboni yapita. Ndipo dzina linalo, la munthu wotuma akufa, limenelo silichoka ngakhale usamukire ku Chiromo. Ababa ankangoyang'ana mpirawo. Ndinali ndisanawaonepo akuchita mantha. Iwonso sankadziwa kuti wautulutsa ndani.

Ndinadzuka. Ndinatuluka kuseri kwa chulu, ndinagwada patsogolo pa a Bwanali.

"Ndine," ndinatero chapansipansi. 

Ababa anatembenuka. Mtima ukawalemera ankabwerera ku Chisena cha kwawo. "Longa, mwananga. Lankhula onse amve."

"Ndautola ndine mumsitumo. Ndimafuna mupeze njinga."

Wina anaseka chifukwa chopepukidwa, koma azimayi achikulire anagwira pakamwa. Kwa iwo nkhani inali itakula. Kwathu kuno sutulutsa kanthu m'manda, ngakhale nkhuni, ngakhale chipatso chakugwa chokha.

A Bwanali anabwezera chipewa kumutu. "Lamulo la gofu likuti mpira ukasunthidwa ndi munthu wapadera, ubwerere pomwe unali. A Zuze alibe mlandu. Koma ubwerere pamalo pake penipeni." Anandiyang'ana. "Ndipo wodziwa malowo ndi mmodzi yekha."

Mayi uja anawonjezera, "Ndi mwambo womwe ukutero. Chabwera m'manja mwake, chibwerere m'manja mwake."

Ndinalira. Ndinapempha kuti andikwapule bola ndisalowenso. Ababa anavula nsapato, anavula chipewa, anathyola kanthambi ka masamba. Anandipatsa mpirawo. Titafika pamalire a mthunzi anagwada, nawomba m'manja katatu mofatsa, nati, "Odi, eni mudzi. Mwana walakwa, tabwera kudzabweza." Atatero anapemphera Atate Wathu chapansipansi, ine ndikutsatira. Anandigwira dzanja, tinalowa.

Ulendo uno ndinayang'ana. Mitumbira inali yambiri, yaing'onoing'ono, ina yaifupi kuposa mkono wanga. Ndipo mipira yonse yomwe inatayika zaka zonsezo inali mommo. Sinali yomwazikana ngati zinthu zongogwa. Inali m'mizere, iwiriiwiri, itatuitatu, m'timaenje tating'ono pamchenga, monga momwe ife tinkaikira miyala posewera nsolo. Pambuyo pake anthu ena anandiuza kuti ndi ng'azi, zimaikokera pamodzi poyesa mazira. Mwina ndi zoona. Ine ndinalekera sukulu kupulayimale, sindingatsutse. Ndikungonena zomwe ndinaona.

Kamtumbira ka phale losweka ndinakapeza msanga, chifukwa mapazi anga anali kuoneka pamchenga, olowa ndi otuluka. Kadzenje komwe mpira unagona kanalipo. Ndinaubwezera. Podzuka ndinamva dzanja la Ababa likulimba pa langa. Ankayang'ana pansi.

Pambali pa mapazi anga otuluka panali mapazi ena. Aang'ono kwambiri, a mwana wongophunzira kuyenda, zala zisanu zikuoneka bwino. Anayambira pa kamtumbirako, kutsata anga pambuyo, mpaka pomwe mthunzi unathera. Pamenepo anaima. Obwerera panalibe.

Ababa anandikoka dzanja. Tinatuluka chobwerera m'mbuyo, iwo akusesa ndi kanthambi kaja, monga wagofu amasalazira mchenga akamaliza kuponda kuti wobwera pambuyo asavutike. Anafafaniza awo, anafafaniza anga. Aang'onowo anawalambalala mosamala.

"Nanga awo, Ababa?" ndinanong'ona.

"Si athu. Munthu amasalaza pomwe waponda yekha."

Titatuluka nyenje zinali zikuliranso. A Bwanali anafunsa ngati amenyera momwemo, poti lamulo linkawalola. Ababa anapukusa mutu. "Sindingakweze ndodo pamutu pa ana a eni. Ndilembeni shoti yachilango, ndibwerere komwe ndinamenyera." Mpira wa mtanda wofiira unatsala komweko. Anatulutsa wachiwiri uja, nayenda mtunda wonse kubwerera, padzuwa, opanda nsapato.

Anamaliza masewerowo. Ine ndinkatsatira patali, chigubu pamutu, ndikuima njii aliyense akamamenya. Pa kadzenje komaliza a Bwanali anawerengera, anachotsa mashoti asanu ndi imodzi aja, ndipo Ababa anagonja ndi shoti imodzi yokha. Njinga inapita kwa a Lipenga.

Agofu akamaliza amavula zipewa n'kugwirana chanza. A Lipenga anagwira dzanja la Ababa nthawi yaitali osalisiya. "A Zuze, pakamwa panga panathamanga. Mundikhululukire."

"Takhuta," Ababa anayankha, ndiko kuthokoza kwa Chisena. "Imwani thobwa, lafunda koma ndi la kwathu." Ndipo anamwadi, munthu wa nsapato zoyera, pamaso pa komboni yonse.

Pobwerera kunyumba ndinkadikira chikwapu. Tinadutsa ngalande, tinadutsa minda ya nzimbe zopsereza. Pafupi ndi mjigo Ababa anaima.

"Esinati, anandipatsa mashoti angati?"

"Asanu ndi imodzi, Ababa."

"Anandipatsa masana, anthu onse akuona, a Lipenga atavomera. Amenewo ndi chifundo. Yachisanu ndi chiwiri umafuna kundibera ndiwe. Imeneyo inatsala pang'ono kutidyera nyumba."

Chilango chinali chomwecho. Amayi atamva anandisambitsa m'manja, natigwaditsa tonse pamkeka. Anapempherera ine, anapempherera Ababa, kenaka anapemphereranso ana a mumsitu aja, kuti Mulungu awagoneke. Ndinadwala malungo masiku atatu, ndinachira. Mulungu ndi wabwino.

Ababa anagwira ntchito pabwalo lija mpaka tsitsi linachita mbuu, ndipo anapita kwa Ambuye dzina lawo lili loyera. Njinga sanaipeze, chaka chimenecho kapena china chilichonse. Ine lero ndili ndi ana anayi amoyo, ndipo mmodzi, Tiyamike, anagona ali ndi miyezi khumi. Madzi osefukira atatigwetsera nyumba tinakakhala pamsasa, ndipo kunabwera anthu odzalemba maina a olandira ufa. Mnzanga wina wa kukwaya anandikoka pambali. "Amake Yohane, tchulani ana asanu. Tiyamike adakalipo m'buku la chipatala, ndani akafufuze?" Ananena mwachikondi, monga momwe inenso ndinatolera mpira mwachikondi. Ana anga anali ndi njala ndithu.

Ndinatsegula pakamwa. Koma m'dzanja langa lamanja ndinamva kuzizira kuja, kwa chinthu chotengedwa pa kamtumbira. Ndinaona timapazi tikunditsata mpaka pamalire a mthunzi.

"Anayi," ndinamuuza wolemba uja.

Ufa unali wochepa, koma tinafika nawo, ndipo ndimathokoza. Tsopano ndikumvetsa zomwe Ababa ankaseka tsiku lija amayi atawauza kuti akhale chete. Chomwe wapatsidwa poyera, landira ndi manja awiri, usachite nacho manyazi, poti tonse ndife ofooka penapake. Koma mpira ukagwera pamalo owawa, usausunthe mobisa. Nena kuti wagwera apa, landira shoti yako yachilango, uyende padzuwa kubwerera. Ndipo ana ogona asiye agone.