Kaseti ya Bambo Declan

Dzulo mwana wanga anandipeza ndikukalipira foni, ndikuonera mpira wa Gaelic, uja wa ku Ireland wothamanga nawo m'manja. Anandifunsa ngati ndamwa mankhwala anga. Mlandu ndi wanu, Bambo Declan, ndipo mwezi uno ndi umene munatisiya. Ndakumbuka Loweruka lija ku Kilimani, ndili pa koleji kunja kwa dziko lathu. Malaya ndinali nditasita, mtsikana amene ndinamuvutikira miyezi isanu akundidikira pa siteji ya matatu, maminibasi a kumeneko. Ndiye ndikumva odi wa Chichewa cha ku Dedza, inu wansembe wathu, kaseti m'manja, mukuti vidiyo ya ku parishi yafa, tionere pa yanga. Wansembe ungamupirikitse bwanji?

Wosewera atagwira mpira ndi manja ndinati, "Handitu imeneyo." Munaseka mpaka kutsokomola. "Achimwene, khalani pansi. Mpira ukadutsa pamwamba pa golo ndi poyinti imodzi, ukalowa mu ukonde ndi mapoyinti atatu." Ndinayang'ana wotchi kakhumi. Kenako ndinaiwala, ndipo ndine amene ndinapempha kuti mubweze kaseti tionenso chigoli chija. Mtsikana uja anakwatiwa ndi munthu wosunga nthawi. Ine ndinatsala ndi masewera amene anzanga onse sawadziwa, ndipo wokangana naye munali inu nokha. Kaseti ndikadali nayo, poonera ndilibe. Tsiku lija ndinakuperekezani pa geti mukufotokozabe za goloboyi, ndipo munatsanzika katatu. Matatu itaima munati, "Isungeni, ndidzaitenga." Basi munakwera.