Utomoni wa Paini pa Malimu

Felemu ndinaisankha pamulu wa zitsulo kwa wokonza njinga m'tauni ya Mzimba. Inali yaifupi, yopanda chishalo, youma ngati mafupa aja a m'chigwa otchulidwa m'Baibulo, koma nditangoiona mtima unati phaa. Ndinkafuna njinga yokwerera zipika, osati yonyamulira katundu.

"Adada, nanga muzikhala pati?" anafunsa wokonzayo.

"Ndiziimirira, monga timachitira poimba kutchalitchi."

Ndinaikako handulo yotakata, matayala onenepa ndi giya yopepuka. Vuto linatsala pa mabuleki, chifukwa sankagwira, ndipo anzanga ocheka matabwa ku Chikangawa anali atalonjeza kudzandiseka ndikagwa. Mmodzi wachifundo anandinong'oneza kuti ndipake utomoni wa paini pa malimu, zitsulo za matayala zomwe mabuleki amagwira. Ndinapaka ndikupemphera chamumtima.

Nthawi yopuma masana ndinakwera chipika chachikulu ndi njinga yanga onse akuyang'ana. Nditafika pamwamba ndinafinya mabuleki. Analira ngati nkhumba, koma anagwira, ndipo ndinaima nji, ine bambo wa imvi.

"Mbwenu mdala uyu wapenga," anatero wina.

Ndinaseka mpaka njinga kugwedezeka, koma Ambuye sanalole kuti phazi langa literereke.