A Makiyi ndi Mapasa

Alamu anga anthu ankangowatchula kuti a Makiyi, chifukwa cha mpukutu wa makiyi umene unkalendewera m'chiuno mwawo pa chingwe cha nsapato. Ankamveka asanaoneke. Anakwatiwa ndi achimwene anga, amene anali kalipentala, ndipo achimwenewo atamwalira ndi chifuwa, mwini wa nyumba ya alendo ya kumapeto kwa msewu wathu anawalemba ntchito yoisamala. Inali nyumba ya zipinda ziwiri zogona, chachikulu cha makolo ndi chaching'ono cha ana, khonde lotakata lomwe achimwene anakhoma ndi manja awo, ndi kanjira ka mchenga kotsikira ku nyanja yamchere. Mwini wake ankakhala kumzinda. Mabanja ankabwera pa tchuthi, kukhala sabata, n'kumapita, alamu n'kutsala ndi mulu wa zochapa.

Ine ndili ndi kagolosale pamphambano, choncho alendo onse ankadzera kwa ine kudzagula buledi, machesi ndi sopo. Ine ndi alamu tinkanyozana ngati ana. Ndinkawanena kuti anandiphera mchimwene wanga ndi tsabola wawo wosayeza, iwo ankati sikelo yanga ndi yabodza kuposa mwini wake. Tikatero tinkamwa tiyi m'kapu imodzi.

Ntchito yawo inali yolimbana ndi mchere ndi mchenga. Mphepo ya kunyanja imadya chitsulo, ndiye maloko onse ankawadonthezera mafuta, apo ayi alendo akanagona panja. Ankakutumula matilesi, kuyanika mapilo pa khonde, kusesa mchenga umene umalowa ngakhale mu ketulo. Alendo akafika, ankawaonetsa posungira makandulo ndi mpopi umene umafuna kuunyengerera, kenako ankaima nawo pa khonde n'kuwalozera magombe atatu. Lapafupi, kumunsi kwa kanjira, ankati ndi la ana: madzi ake munthu amayenda mtunda asanafike m'mawondo. Lachiwiri ndi la miyala, labwino kwa okonda kugwira tinkhanu m'timadziwe, bola avale nsapato. Lachitatu lili patali, pamene mtsinje umathira m'nyanja. Ndilo lokongola kuposa onse, mchenga woyera mbee, madzi odekha ngati ali m'beseni, koma pansi pake amakoka. Ankawauza kuti kumeneko apite kukajambula zithunzi, osati ndi ana. Mawu amenewa ankawanena kwa banja lililonse, osasintha ngakhale limodzi.

Chaka china kunabwera bambo wamtali wa magalasi ndi mkazi wake ndi ana awo amapasa, atsikana a msinkhu woyamba sukulu. Anawo anali ofanana ngati mazira. Chowasiyanitsa chinali chakuti mmodzi mano akutsogolo anali ataguluka, ndipo pakamwa pake sipankatsekeka. Alamu anamutcha Wamagweru, mnzakeyo Wachete. Wamagweru ankawalondola paliponse, kupempha kuti anyamuleko makiyi, kufunsa kuti iyi ndi ya chiyani, nanga iyi. Alamu sanaberekepo mwana, ndipo sabata imeneyo ndinawaona akuseka mpaka kugwira chitseko.

Chapakati pa sabata kunawomba mphepo yamphamvu, gombe la ana n'kudzaza ndi ndere zonunkha. Banja lija linatenga mphasa ndi dengu n'kulowera ku mathiriro a mtsinje. Alamu anali kuseri akuyanika nsalu za pabedi, sanawaone akuchoka. Zimene zinachitika kumeneko tinazimva pambuyo pake. Ana ankatola zigoba m'madzi olekeza m'kakolo, bambo akuwerenga nyuzi, mayi akusenda malalanje. Mayi atadzutsa mutu anaona mwana mmodzi yekha ataima, manja odzaza zigoba. Atamufunsa, Wachete anati mnzake wapita kukatenga chipewa.

Asodzi anakankha mabwato dzuwa lili pamutu. Anafufuza tsiku limenelo ndi masiku otsatira, anaponya maukonde mpaka kuseri kwa miyala. Chipewa anachipeza. Mwana sanamupeze.

Mayi uja ananyamula mwana wotsalayo n'kubwerera kwawo. Bambo anatsala. Ankadzuka m'mawa kuyenda magombe onse atatu, mutu uli pansi, n'kubwera madzulo miyendo itatupa. Alamu ankamuphikira, chakudya n'kuzizira patebulo. Iye anawapempha chinthu chimodzi chokha, kuti asachape nsalu za pa kabedi ka mwanayo. Pamapeto pake abale ake anabwera ndi galimoto n'kumutenga ngati wodwala.

Koma chaka chilichonse, nyengo yomweyo, ankabweranso yekha. Ankagula buledi kwa ine, kulonjera mwaulemu, n'kukakhala ku mathiriro tsiku lonse. Sanakalipire munthu aliyense. Ulendo wina alamu akumupatsa makiyi pa khonde, anayang'ana kumene iwo ankakonda kuloza, n'kunena motsitsa mawu.

"Munatiuza, mayi. Ndinamva bwinobwino."

Alamu anandiuza kuti akanakonda bamboyo akanawatukwana.

Kuyambira nthawi imeneyo anasintha. Ankamaliza ntchito mofulumira, dzuwa likamakwera n'kuuyamba wa ku mathiriro, kukakhala pansi pa kamtengo kopindika ndi mphepo, maso pa ana a eni. Mwana akangolowetsa phazi m'madzi, makiyi ankamveka akubwera. Ena ankawathokoza. Ena ankati gogoyu mutu wake sukuyenda bwino, ndipo mlendo wina anadandaula kwa mwini nyumba kuti wantchito wake anakoka mwana wake pamkono mpaka kusiya zala. Mwini nyumba anawaimbira foni n'kuwalangiza. Anavomera zonse, mawa lake n'kupitanso.

Kenako panabwera nkhani ya mchenga. Tsiku lina anafika ku golosale osanditukwana, ndinadziwiratu kuti pali kanthu. Anati akayala kabedi ka m'chipinda cha ana, n'kutseka mawindo, n'kukhoma chitseko, pobwerako amapeza mchenga pakati pa nsalu. Osati wambiri. Wonga umene umatsala mwana akakwera pabedi osatsuka mapazi. Nthawi zina unkakhala wonyowa. Ndinawauza kuti ndi mphepo yolowera m'ming'alu, kapena umagwa m'manja mwa malaya awo omwe. Anati mwina ndi zoona, alamu. Sanaitchulenso nkhaniyo, koma ndinaona kuti akalowa m'chipinda chimenecho ankayamba agogoda.

Ine sindine munthu wokhulupirira zilizonse. Koma pali chimene ndinamva ndi makutu angawa. Masana ena kunabwera kamtsikana ka alendo kudzagula maswiti, tsitsi lili lonyowa. Kakusankha maswiti, kanandifunsa kuti mnzake uja amakhala kuti. Ndinafunsa kuti uti. Kanati uja wopanda mano akutsogolo, amene amakhala pa masitepe a khonde kudikira agogo a makiyi, ndipo safuna kupita nawo kokasambira. Ndinakapatsa maswiti osalandira kanthu. Katachoka ndinayamba kuganizira ana onse a m'dera lathu amene mano anali ataguluka, ndipo analipo angapo. Mwina anali mmodzi wa iwo. Alamu sindinawauze.

Bambo wa magalasi uja anasiya kubwera. Zaka zinapita, nyumba inapakidwa penti kangapo, tsitsi la alamu linayera, msana unayamba kuwerama. Tinkaganiza kuti nkhani ya banja lija inatha.

Ndiye tsiku lina masana kunaima galimoto pa geti. Ine ndinali pomwepo, nditabweretsa mazira amene alendowo anaitanitsiratu. Munatsika mwamuna, kenako mkazi woonda wa nkhope yodekha, kenako kamtsikana kamene kanathamangira ku khonde n'kuima pamaso pa alamu, kakumwetulira. Makiyi amene anali m'manja mwa alamu anagwa pa simenti. Ndinaona alamu akugwira nsanamira. Nkhope ya mwanayo inali yomwe ija, mphumi, maso, kaimidwe komwe. Mano okha ndiwo anali onse.

Mkazi uja anawatola makiyiwo n'kuwapatsa ndi manja awiri.

"Agogo, ndine uja munkati Wachete. Uyu ndi mwana wanga."

Madzulo ake, mwamuna atatsikira ndi mwana ku gombe lapafupi, Wachete anakhala nafe pa khonde n'kutifotokozera. Bambo ake anali atamwalira chaka chapitacho. Mayi ake alipo, koma za nyanja safuna kuzimva, ngakhale pa wailesi. Anati iye anakula osaloledwa kuyandikira madzi. Posamba, chitseko chinkakhala chotsegula mpaka atakula ndithu. Mayi ake akamamuyang'ana, maso awo ankatsetserekera pambali pake, ngati pali wina woti amuonenso. Tsiku lake lobadwa m'nyumba munkakhala zii. Ankanena zonsezi mosadandaula, ngati akufotokoza za mvula ya chaka chatha. Pomaliza anapempha alamu kuti mawa amuperekeze ku mathiriro.

Alamu anati sangathe okha, choncho ndinatseka golosale. Tinayenda atatu, pang'onopang'ono chifukwa cha mawondo a alamu. Kunali dzuwa loswa mtengo, nyanja ili phee. Titafika, Wachete anayang'ana uku ndi uku mosokonezeka. Mtsinje unali utasuntha kamwa lake, ndipo pamene iye ankakumbukira kuti panali madzi panali mulu wa mchenga womera udzu. Anati akhala akulota malo amenewa moyo wake wonse, koma awa sakuwadziwa. Anavula nsapato n'kuima pa mchenga wouma, kutali ndi mafunde. Kenako anayankhula osatembenuka.

"Chipewa chija chinali changa. Tinkalimbirana. Masiku ena ndimakumbuka kuti chinauluka, masiku ena ndimakumbuka dzanja langa likuchiponya. Sindinafunsepo munthu. Agogo, inu mukudziwa?"

Alamu kunalibe tsiku limenelo, ndipo tonse atatu tinkadziwa zimenezo. Koma anayankha mosazengereza, ndi mawu omwe aja ankalozera nawo magombe.

"Inali mphepo, mwanawe. Tsiku limenelo inandilanda nsalu ziwiri pa chingwe, ndinakazitola ku mpanda wa eni. Chipewa cha mwana chikanalimba bwanji?"

Wachete anakhala pansi pa mchenga n'kuyamba kulira, osabisa nkhope. Alamu anagwada movutikira pambali pake n'kumamusisita kumsana. Ine ndinapita kukaima pansi pa kamtengo kaja. Pobwerera Wachete ndiye anawagwira alamu pamkono.

Banjalo linakhala sabata yonse. Mwana ankasambira ku gombe lapafupi ndi bambo ake, Wachete atakhala pa mphasa. Tsiku lomaliza ndinamuona atakwinya diresi, madzi ali m'mawondo, atagwira dzanja la mwana wake mwamphamvu mpaka mwanayo kudandaula. Atapita ndinawafunsa alamu ngati za nsalu ziwiri zija zinali zoona. Anandiyang'ana n'kunena kuti mphepo inalipo, zinazo akudziwa ndani. Kenako anandifunsa ngati mazira ndinabweretsa aja anali a nkhuku kapena a njiwa, chifukwa alendo ankawafuna ndi tochi mu poto.

Patapita nthawi maso awo anayamba kuchita nkhungu. Mwini nyumba anamwalira, ana ake n'kuigulitsa. Ogulawo anagwetsa khoma la chipinda cha ana kuti pabalaza pakule, mabedi ang'onoang'ono n'kuwapereka kwa amisiri, ndipo anaika maloko a manambala osafuna kiyi. Alamu anakapereka mpukutu wawo, koma mwini watsopanoyo anati autaye, alibe nawo ntchito. Anausiya pa masitepe.

Tsopano amakhala ndi ine, m'chipinda cha kuseri kwa golosale. Ku mathiriro sangafikenso. M'mawa ndimawatulutsira mpando pakhomo, ndipo amakhala pamenepo atatchera khutu ku msewu. Akamva ana a alendo akudutsa ndi tindowa tawo kulowera kunyanja, amandiitana n'kufunsa kuti adutsa angati. Ndimawauza. Dzuwa likapendeka, mawu aja akamabwerera, amafunsanso.

"Alamu, abwera onse?"

Ndimati onse abwera. Masiku ena ndimakhala nditatanganidwa ndi ogula, sindinawerenge.