Chisipanishi cha Achemwali Anga

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene achemwali anga a Fulolensi anabwerako ku Cuba, kumene anakaphunzira zaunamwino. Kwathu ku Madzimoyo tinkawanyadira, ndipo akamaswa mtedza uku akuimba m'Chisipanishi, ana tonse tinkawazungulira.

Chaka chomwecho ku parishi kwathu kunabwera mzungu wa ku Spain wofuna kutsegula kachipatala ka amayi oyembekezera. Chingerezi chinkamuvuta, ndiye ankafuna namwino woti azimumasuliranso. Atate anavala jekete lawo la pa Sabata n'kutenga achemwali, ine ndikutsatira pambuyo nditafungatira nkhuku ya mlendo.

Tinakhala pakhonde la nyumba ya ansembe, ponunkhira polishi wofiira. Achemwali atangoyankhula pang'ono, mzunguyo anaseka mpaka kupukuta misozi. Kenako anauza akuluakulu a mpingo, kudzera mwa abambo mfumu, kuti mtsikanayu amameza mathero a mawu, ndipo pofunsa funso amasanja mawu chozondoka. Akuti chimenecho chinali Chisipanishi cha mumsewu.

Mkulu wina ananong'oneza mnzake, koma tonse tinamva: "Kodi ankaphunziradi kumeneko, kapena ankangovina?"

Achemwali anazyolika. Atate ankangopotokola chipewa m'manja. Ine ndinaloza mzunguyo n'kukuwa kuti: "Nanga inu mmene munati 'muli bwenji' muja, ife tinakusekani?"

Atate anandithyolera kamtengo ka mabulosi n'kundikwapula tisanafike n'kunyumba komwe. Ntchito ija inapita kwa wina.

Titafika, achemwali anandipaka mafuta m'miyendo motupamo. "Tisa, usalire," anatero. "Aphunzitsi anga, madokotala, onse ankayankhula chimodzimodzi ndi ine. Ndachiritsa azimayi ambiri ndi Chisipanishi chomwechi, ndipo palibe amene anati sakundimva."

Atate ndinawakhululukira kalekale, anali manyazi chabe. Mzungu uja nayenso ndimamumvetsa tsopano: ankayesa kuti chiyankhulo chake chimathera pamene pathera dziko lake. Amene amandipsetsabe mtima mpaka lero ndi akuluakulu athu aja. Ankadziwa bwino kuti mwana wokaphunzira ku Lusaka amabwera ndi Chinyanja cha ku Lusaka, wa ku Lilongwe ndi cha ku Lilongwe. Chisipanishi sankadziwa ngakhale liwu limodzi. Komabe pakati pa mwana wawo ndi phwete la mlendo, anasankha phwete.