Makiyi a Magalimoto Amene Sitinakwerepo

Makiyi aja ali pa msomali kuseri kwa chitseko changa. Abambo anawamanga pamodzi ndi waya, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene angatsegule kanthu lero. Galimoto iliyonse imene ankagulitsa, ankabisako kiyi wapadera osamupereka kwa wogula. Ndinawapeza m'thumba la jekete lawo mwezi watha, titabwera kowaika. Ndikatseka chitseko amalira monga mmene ankalirira Lachitatu lija, cha m'ma fili koloko masana, mvula ya mu Febuluwale ikugwa, pamene amayi anagwada pakhomo la khitchini atagwira mimba n'kulephera kudzuka.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Tinkakhala kwawo kwa amayi, chakumtunda kwa Mbombwe, ndipo abambo anali mkamwini wochokera ku Mpama. Azimayi a pachitsime ankakonda kukamba zoti pa tsiku la chinkhoswe abambo anabwera pa njinga yobwereka yopanda mabuleki, n'kukaima nayo m'munda wa chinangwa wa eni ake. Ankakamba moseka chabe. Koma ndikuona tsopano kuti abambo anapita nako kumanda kuseka kumeneko.

Ankachita geni ya nandolo, kugula m'midzi n'kukagulitsa ku Limbe. Chaka china zinawayendera bwino, anabwera ndi galimoto. Kuyambira pamenepo, nandolo akangotha, galimoto ya chaka chatha inkapita, kukabwera ina. Yofiira, kenako yobiriwira, kenako yoyera. Zinali zochokera kunja, zimene kwathu kuno timati zatsopano, mipando yake idakali m'mapepala a pulasitiki. Mapepalawo abambo sankachotsa. Ankati galimoto ya mipando yoyera siivuta kugulitsa, wogula amaona ngati sinanyamulepo munthu.

Ndiye ife sitinkakwera. Chimanga cha kuchigayo amayi ankasenza pamutu, kudutsa pambali pa galimotoyo. Lamulungu abambo ankatsogola okha kutchalitchi, ife n'kumatsatira m'fumbi lawo. "Ya chaka chamawa mudzakwera, amake mwana," ankatero. "Ino n'njogulitsa." Koma zonse zinali zogulitsa.

Munthu posinthitsa galimoto amayenera kuonjezerapo. Ine sindinkadziwa zimenezo. Ndinkangoona kuti galimoto ikalowa pakhomo, kanthu kena kamatuluka. Yobiriwira itabwera, mbuzi zinapita, pamodzi ndi malata amene anaunjikidwa kuseri kwa nyumba kudikira denga. Chaka cha yoyera inapita ng'ombe yamkaka imene amayi anaitenga ku Mikolongwe ili yaing'ono n'kuilera okha. Khola linatsala likununkha ndowe ndi nsenjere zouma. M'mamawa amayi ankadzukabe nthawi yokama, n'kuima pabwalo atagwira ndowa, kenako n'kuibwezera m'nyumba.

Amalume, mlongo wawo wa amayi, anangolankhulapo kamodzi ine ndikumva. "Alamu, galimoto yanuyi msipu wake ndi wachilendo. Yadya mbuzi, yadya ng'ombe. Ikamaliza m'khola iyamba m'nyumba."

Abambo anaseka. "Inu ndi njinga yanuyo, alamu, simungazimvetse izi."

Galimoto yoyerayo anaimangira chisakasa cha udzu wabwino kuposa wa nyumba yathu, imene inkadontha pamwamba pa mphasa yanga. Akamapita ku Limbe ankaisiya n'kukakwera minibasi, ati kuopa kuti manambala a mtunda umene yayenda angakwere, mtengo wake n'kutsika. Masiku amenewo mlonda ndinali ine. Anandidulira kandodo ka nsungwi kothamangitsira nkhuku ndi ana ofuna kudziyang'anira pa kalirole. Kusukulu ndinkapita modumphadumpha. Ndikaonekera, aphunzitsi ankati, "Mwana wa agalimoto, lero mlonda wapuma?" Kalasi yonse inkaseka.

Anzanga anasiya kundiitana kukasewera fulaye. Sindikuwanena, ndinali nditawakwapula onse ndi kandodo kaja. Dzinja lonselo ndinalithera pansi pa chisakasa. Ndimakumbukira fungo la pulasitiki wotentha likutuluka pa kampata ka windo, ndi madontho a mvula akugwa kuchokera ku udzu n'kumakumba timaenje mumchenga. Pa chitseko cha galimoto pankaoneka nkhope yanga, yaifupi ndi yotambalala, ndipo ndinkacheza nayo. Ndinkaiuza zimene tadya. Nthawi zina amayi, mimba itawalemera, ankandibweretsera chimanga chootcha n'kukhala pa mtondo chapatali pang'ono. Ngakhale iwo sankatsamira galimotoyo.

Sabata ya mu Febuluwale ija abambo anali atapeza wogula msanga kuposa zaka zina, munthu wa ku Limbe amene ananena kuti adzabwera Loweruka. Ndiye Lachitatu lija anali pakhomo, akupukuta matayala ndi kansanza.

Mwezi wa amayi unali usanakwane. Atagwada paja, ndinaona chitenje chawo chikuda kuyambira m'chiuno kutsika, ndipo madzi a mvula oyenda pakhomo la khitchini anasanduka ofiirira. Amayi aang'ono anathamanga kuchokera kunyumba kwawo, amalume pambuyo pawo. Amalume atangoona anati, "Alamu, lizani galimoto."

Abambo anatulutsa makiyi m'thumba. Anayang'ana galimoto, anayang'ana msewu, anayang'ana chitenje cha amayi. Makiyi ankalira m'dzanja lawo.

"Padambo paja padzaza matope," anatero. "Galimotoyi n'njaifupi, ititimira. Tikhala pamenepo mpaka mawa."

"Tiyese kaye. Ikatitimira tikankha, anthu tilipo."

"Simukuidziwa galimotoyi, alamu."

Amayi analankhula chapansipansi, nkhope ili pa phewa la mng'ono wawo. "Musakangane. Ingondinyamulani."

Anamanga machira ndi nsungwi ziwiri ndi bulangete lathu lofunda. Abambo anavula nsapato, n'kupinda thalauza, n'kusenza kutsogolo. Izi ndiyenera kunena chifukwa ndinaziona ndi maso anga: anasenza, ndipo amene anapita nawo amati sanalole kulandiridwa mpaka kumsewu waukulu. Atafika pa mtengo wa mapeyala umene unali polowera pakhomo pathu, anacheuka n'kundiuza kuti, "Iwe, usachoke pagalimotopo." Kenako ndinangomva makiyi akulira m'thumba mwawo, akutsetsereka kulowera kudambo, mpaka phokoso la mvula linawaphimba.

Zaka zonsezi ndakhala ndikudutsa padambo limenelo nthawi ya dzinja. Ndaonapo magalimoto atatitimira, ndaonaponso ena aang'ono akudutsa bwinobwino. Mwina abambo ankanena zoona. Sindinapite patali ndi sukulu, za magalimoto sindizidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti kiyi sanalowe pamalo pake.

Sindinachoke. Mvula itakata ndinatenga kansanza kaja n'kupukuta matope amene anthu anawazira pa zitseko pothamanga. Moto wa m'khitchini unazima. Nkhuku zinalowa zokha m'khola. Mudzi unali zii, anthu onse atatsatira machira. Ndinauza nkhope ya pachitseko kuti amayi apita kukatenga mwana. Dzuwa likulowa amayi aang'ono anabwerera, miyendo ili matope okhaokha, n'kundigwira pamkono. Ndinakana, ndinati abambo anena kuti ndisachoke. Anandinyamula ndili ndi kandodo kanga m'manja.

M'mawa mwake kunabwera lole ya bambo wina wa kutchalitchi kwathu. Inadzera njira yozungulira, ikulira pang'onopang'ono, kumbuyo kutakhala azimayi akuimba. Pakati pawo panagona amayi, atafunditsidwa nsalu mpaka kumutu. Ndinathamangira kwa amayi aang'ono ndikudumpha. "Amayi akwera galimoto," ndinatero. Ananditseka pakamwa ndi chikhatho chawo chonunkha utsi, n'kundikanikizira pamimba pawo. Mwana uja naye sanabwere.

Tinaika Lachisanu. Loweruka wogula uja anafika, n'kupeza anthu adakali pasiwa. Anavula chipewa, anakhala pansi ndi azibambo monga mwa ulemu. Koma patapita nthawi ndinamuona atawerama kuseri kwa chisakasa, akusuzumira kunsi kwa galimoto. Abambo anamuuza kuti abwere tsiku lina. Anabweradi, ndipo ndinamumva akuyamikira mipando.

Miyambo ya maliro itatha, abale a amayi anawasudzula abambo kuti abwerere kwawo ku Mpama. Kwathu ana ndi a kuchikazi, ndiye ine ndinatsala ndi amayi aang'ono. Chisakasa chija anasungiramo nkhuni. Sukulu ndinalekera sitandade folo, chifukwa kunyumba kunali ana aang'ono ofunika kulera.

Nandolo atatha chaka chotsatira, abambo anabwera kudzandiona ndi galimoto ya buluu. Anandipatsa sopo ndi masiwiti. Kenako anachita chimene sanachitepo. Anatsegula chitseko cha kumbuyo n'kunena kuti, "Kwera, mwanawe." Ndinayang'ana pulasitiki wonyezimira uja, ndinayang'ana mapazi anga. Ndinati, "Ndiidetsa." Anaima kanthawi atagwira chitsekocho, kenako anachitseka pang'onopang'ono, osachimenyetsa.

Sanasiye kusintha. Chaka chilichonse ankabwera ndi ina, koma m'kupita kwa nthawi zinayamba kubwera zakutha, zopanda mapepala pa mipando, zina zochita kukankha. Kenako njinga yamoto. Kenako anasiya kubwera. Ndinkangomva kwa anthu kuti munda wa kwawo anaubwereketsa, nyumba ya ku Mpama ilibe zitseko. Chaka chatha anatsika pa kabaza pakhomo panga, atatupa miyendo, atanyamula kachikwama ndi jekete lija. Amalume, amene tsopano ndi nkhalamba yoyenda ndi ndodo, anawayang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Apatseni mpando alamu anga."

Ndinawadwazika miyezi ingapo. Kuchipatala ndinkapita nawo pa kabaza, ine pa njinga ina pambuyo. Za amayi sitinkakamba. Koma masana ena, atakhala pakhonde akuothera dzuwa, anafunsa osandiyang'ana, "Dambo lija. Kodi ikanadutsa?"

Ndinali ndikusenda nandolo m'lichero. Ndinati, "Sindidziwa, abambo."

Anagwedeza mutu. Ndikuganiza kuti ankafuna ndinene kuti ayi, kapena mwina ankafuna ndinene kuti inde, kuti wina awauze pamaso kamodzi kokha. Ine ndinapitiriza kusenda nandolo. Sanafunsenso.

Dzinja la maliro a amayi lija litatha, ana anzanga anayambanso kundiitana ku fulaye. Akandiputa za galimoto ya abambo imene sindinaikwerepo, ndinkawayankha monyada kuti amayi anga anakwera yaikulu kuposa yoyera ija, ndiponso anthu akuwaimbira. Ana aja ankangoyang'anizana n'kundipatsa mpira. Ndinkaganiza kuti ndawagonjetsa.

Tsopano ndili ndi njinga yakapalasa ya kaliyala yolimba, imene ndinagula nditagulitsa nandolo wa m'munda wa amayi. Ilibe loko. Imagona pakhonde, matayala ali opopa, ndipo aliyense wa m'mudzi muno amene ali ndi wodwala amangoitenga osayamba wandifunsa. Ikabwera ndi matope ndimaitsuka.