Chitsime chimene ndinachedwetsa miyezi sikisi

Amuna anga anagwirako umesenjala ku Zomba, ndipo kangapo anasuzumira m'nyumba ya malamulo azungu akukangana. Atabwerera kwathu ku Namitambo, eee, tinaziona! Anawasankha kukhala apampando a bungwe lathu la alimi, ndiye anati lamulo lililonse liziwerengedwa katatu, ngati ku Zomba.

Chaka china, chimanga titakolola, bungwe linaganiza zokumba chitsime, poti mtsinje unali kutali. Lamulo lake linati: tizikumba Lachisanu lililonse, ndipo banja losakumba lisadzatunge. Koma Lachisanu anzathu achisilamu amakhala kumzikiti. Mnzanga wapamtima, amene tinkangoitanana kuti achemwali, anali wa banja lotero. Lamulolo likanadutsa, madzi a pachitsimepo sakanawalawa.

Tsiku lowerenga kachiwiri, kuseri kwa sukulu, ndinaimirira n'kunena kuti:

"Apampando, pamene alemba Lachisanu tilembepo Loweruka."

"Khalani pansi, amayi," anatero amuna anga, ngati sitigona nyumba imodzi. "Powerenga kachiwiri timangokamba mutu wa nkhani: chitsime tichifuna kapena ayi. Kusintha mawu ndi ntchito ya komiti."

Komitiyo ndinkaidziwa: amuna asanu, onse a tchalitchi chathu cha ku Nguludi, ndipo ndiwo anasankha Lachisanulo. Mtima unandiwawa zedi.

"Nanga lero palibiretu chimene munthu angasinthe?"

Apa ndiye amuna anga anakodwa. Munthu uja kufunsidwa za ku Zomba ankakukonda kuposa nyama. Anakonza kolala, nafotokoza pang'onopang'ono kuti chilipo chimodzi: munthu atha kupempha kuti m'malo mwa lero, lamulolo lidzawerengedwe pakatha miyezi sikisi.

"Ndapempha chimenecho," ndinatero.

Anthu anafa nacho chiseko. Koma povota, achisilamu anaimika manja, amayi anaimika, ngakhale madala ena amene anangotopa ndi kuwerengawerengako. Amuna anga anawerenga manjawo kawiri, thukuta lili kamukamu, nalengeza okha kuti zadutsa. Pamenepo ndiwayamikire, sankabera.

Ine ndinapita kunyumba ndikudzimva. Za mvula sindinaganizeko n'komwe. Miyezi sikisi itatha kunali matope okhaokha, aliyense ali kumunda, ndipo chitsime sichinakumbidwe. Chilimwe chonsecho tinali titatunga kumtsinje. Amayi omwe anaimika manja aja ankandinena poyera, amuna anga sabata ziwiri ankangondiyankha ndi mutu.

Achemwali aja nawo sanandithokoze. Tsiku lina tikukwera chitunda, mitsuko ili pamutu, anandikalipira.

"Inu ndinu opusa, achemwali. Mukanangokhala chete, n'kumanditungirako mtsuko umodzi. Taonani tsopano, mudzi wonse makosi akupweteka!"

Ndinakwiya. Ndinati ndikanatunga bwanji iwo ataima patali ngati mlendo? Tinayenda ndithu, mpaka ndinamva akufwenthera kumbuyo kwanga. Kucheuka sindikanatha ndi mtsuko wodzaza, koma ndinadziwa kuti akulira.